Makaseti, mabuku ndi mpira wa m'katoni: momwe ntchito yozipulumutsa ikuyendera

Ndili ndi makaseti pafupifupi 140, mabuku a Chichewa odzaza makatoni awiri, ndi kope lalikulu lomatamo nkhani za mpira zodula m'nyuzipepala. Zina ndinagula ndekha ndili mnyamata, zambiri ndi za malemu bambo anga. Cholinga n'chakuti nyimbo zilowe mu kompyuta matepi asanatheretu, mabuku akonzedwe, ndipo zonsezi zichoke kunsi kwa bedi zikhale pa shelefu. Mitengo ndalemba monga ndinalipirira kuno ku Blantyre. Ndi momwe kwacha ikuchitiramu, inu popita kumsika muonjezerepo.

6 Julaye 2024: kutsegula makatoni

Chandidzutsa ndi maliro a Lucius Banda. Soja watisiya pa 30 Juni ali kuchipatala ku South Africa, ndipo sabata yonseyi mawailesi akhala akuika nyimbo zake usana ndi usiku. Koma amaika modumphadumpha, iyi ya chimbale ichi, iyo ya chimbale china. Ine ndimafuna Son of a Poor Man chathunthu, kuyamba mbali A, kutembenuza, mpaka tepi ithe, monga tinkachimvera zaka zoyambirira za matipate. Chimbale chimakhala ndi ndondomeko yake. Woyimba anaganiza kuti nyimbo iti itsegule, iti ikhazike mtima pansi, iti itseke, ndipo fulashi ya anyamata obena nyimbo ija, yongounjika zonse pamodzi, imapha zimenezo.

Makatoni anali pa simenti, kukhoma kolowa chinyezi, ndipo chiperoni sichinawasiye. Makaseti apansi achita chuku, timadontho toyera pa mpukutu wa tepi tooneka pa kawindo kaja. Katoni imodzi ya mabuku chiswe chaiboola kunsi.

Ndagawa milu itatu. Woyamba ndi wa zosapezeka kwina kulikonse: zomwe bambo ankajambula pawailesi, mpira, kwaya ya kumpingo kwathu, nyimbo za Allan Namoko. Wachiwiri ndi makaseti enieni ogula kusitolo, okhala ndi chikuto chake ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba, ambiri a kwa OG Issa. Wachitatu ndi okopera kwa anzanga a kusekondale. Ndiyamba ndi mulu woyamba ngakhale mtima uli pa wachiwiri. Chimbale cha Lucius chikandionongekera ndikachipeza kwa munthu wina, koma tepi yojambula bambo ikatha yatha.

20 Julaye: choimbira

Wailesi ya kaseti ya pakhomo pano inafa kalekale. Ndinayamba ndi kamakina kakang'ono kolowa m'thumba, kokhala ndi waya wa USB, kamene amati kamasamutsira nyimbo mu kompyuta mosavuta. K28,000 m'sitolo ina m'tauni. Musagule. Mawu amatuluka ogwedezeka ngati woyimba ali pa kabaza mumsewu wa maenje, besi palibe, ndipo pa kaseti yoyesera ya mulu wachitatu kanatafuna tepi mpaka kuikwinya. Ndicho chifukwa chake choimbira chatsopano muzichiyesa ndi kaseti yomwe simungailire.

Ku msika wa Limbe ndapeza choimbira chakale cha ku Japan, cha zija zinkabwera mosanjikizana ndi ampu, chokhala ndi mabowo awiri kumbuyo otulutsira mawu, lofiira ndi loyera. Mabowo amenewo ndiwo ndimafuna. K45,000 titanenerera. Magetsi amayaka, koma kaseti siizungulira. Ndinapita nacho kwa mmisiri wa mawailesi ku Ndirande, mkulu wachikulire amene anayamba ntchitoyi makaseti akadali pa fasho. Atatsegula anandionetsa chala chakuda bii.

"Achimwene, lamba ameneyu anasungunuka zaka zapitazo. Mota ili bwino, hedi sinadyeke. Koma musandifulumize, lamba wa saizi yake ndi wosowa."

"Nanga mphira womangira ndalama uja sungagwire, bambo?"

"Ugwira lero. Mawa mubweranso."

Anachita kuchotsa lamba pa wailesi ina yakufa yomwe inali pansi pa benchi lake, n'kupala zomata zonse za lamba wakale pa mawilo. Lamba ndi ntchito, K12,000.

3 Ogasiti: liwiro ndi hedi

Kaseti yayamba kuzungulira, koma aliyense akuimba mothamanga, mawu a amuna akukwera ngati a anyamata. Tepi ya kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndipo ikapitirira pang'ono pokha khutu limadziwa. Kumbuyo kwa mota kuli kabowo, m'kati mwake muli kozungulitsa kochepetsera kapena kuonjezera liwiro. Mmisiri uja anandionetsa. Ndinatenga nyimbo yomwe ndili nayo pa kaseti komanso pa foni, n'kuziyambitsa pamodzi, n'kumapotoza pang'onopang'ono ndi kasikuludiraiva ka mawotchi mpaka ziwirizo zikuyendera limodzi kufika kumapeto. Ndi ntchito ya madzulo athunthu, ndipo ana amaseka.

Chachiwiri, mawu anali obanika, zinganga ndi magitala apamwamba osamveka. Kutsuka hedi, kachitsulo kowerenga mawu pa tepi, kunathandiza theka. Gwiritsani sipiriti woyera wa ku famase ndi thonje la pa kamtengo, osati wa pepo uja woyatsira nyale, amasiya utoto. Zonse K5,000. Rola ya mphira yomwe imapanikiza tepi muipukute mopepuka, sipiriti wambiri amaiumitsa. Theka linalo linali kapendekedwe ka hedi. Pambali pake pali kasikuluwu kokhala ndi sipuling'i. Mukamapotoza uku kaseti ikuimba, mahedifoni ali m'makutu, mumafika pena pomwe mawu amangoti ngwee. Vuto ndi lakuti makaseti ojambulira pakhomo, aliyense anajambulidwa pa makina a kapendekedwe kake, ndiye kasikuluwu kameneka ndimakakhudza pafupifupi pa kaseti iliyonse ya mulu woyamba.

17 Ogasiti: kulumikiza ku laputopu

Bowo la maikolofoni pa laputopu silinagwire ntchito. Limatenga mbali imodzi yokha ya mawu, ndipo ng'oma ikagunda mawu amang'ambika. Ndagula kabokosi ka mawu ka USB kokhala ndi polowetsera mawu a choimbira, K22,000, ndi waya wa mapulagi ofiira ndi oyera, K4,500. Pulogalamu ndi Audacity, yaulere, kungofuna bandulo yoitsitsira.

Kenako kunabuka kulira kwapansipansi, "huuu" wosalekeza kuseri kwa nyimbo. Ndinasintha waya, osatha. Ndinasuntha choimbira, osatha. Nditazula chaja cha laputopu, zii. Tsopano ndimatchaja kaye batire lidzaze, n'kujambula chaja chili chozula. Batire langa limakwanitsa mbali ziwiri za kaseti ya C60, iliyonse mphindi 30, kenako n'kupumira.

Mu Audacity ndimajambula pa 44.1 kHz, 16-bit, ndipo mlingo wa mawu ndimausiya kuti pofuula kwambiri ufike cha pa -6 dB, usagunde pofiira. Mawu otsika mutha kuwakweza pambuyo pake, ong'ambika alibe mankhwala. Mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB, kutanthauza kuti C60 imodzi ndi cha m'ma 600 MB. Kusunga mu mtundu wa fayilo wotchedwa FLAC kumachepetsa pafupifupi ndi theka osataya kanthu. MP3 ndimapanga yoika pa foni yokha. Ndipo muzisunga mbali iliyonse ikangotha. Magetsi akazima choimbira chimaima pomwepo, tepi ili yopanikizidwa pa rola, ndiye m'mawa kwambiri ndiye nthawi yomwe ndapeza yodalirika.

14 Seputembala: chuku, thonje logwa ndi tepi yoduka

Makaseti a chuku ndinawaika m'ndowa yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, n'kuwasiya aume. Padzuwa ayi, tepi imapindika. Ataumitsitsa ndinakhala pakhonde, chifukwa fumbi la chuku si lopumira m'nyumba, n'kumazungulitsa tepi ndi bolopeni ya Bic uku kansalu kofewa kakukhudza tepi ikamadutsa. Pang'onopang'ono, kuchoka kumayambiriro kufika kumapeto. Ikatha kuimba kaseti yotere, tsukaninso hedi musanaike ina.

Makaseti angapo amangotulutsa mawu a m'madzi. Nditayang'anitsitsa, kathonje kaja kokhala pakati, kamene kamakankhira tepi ku hedi, kanagwa. Ndimachotsa ka kaseti ya mulu wachitatu n'kumata ndi kadontho ka guluu, kochepa kwambiri, n'kudikira kaume. Tepi yoduka ndimailumikiza ndi kachidutswa ka selotepi kumbuyo kwake, kumbali yosakhudza hedi, n'kudula zotsalira m'mbali ndi lumo. Selotepi pakapita nthawi imatulutsa zomata, ndiye kaseti yotere ijambuleni tsiku lomwelo. Makaseti omanga ndi tisikuluwu tisanu amatseguka bwino. Omata ndi moto aja muyenera kuwaswa ndi mpeni, n'kusamutsira mipukutu yonse iwiri m'chikhokho cha kaseti ina.

Mphoto ya ntchito yonyansayi inali Namoko. Bambo anajambula nyimbo zake pa MBC nthawi zosiyanasiyana, zina zoyambira pakati, zina zodulidwa ndi mawu a woulutsa. Munthu wosaona wa ku Thyolo uja, ndi banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band, anamwalira mu 1995, ndipo mpaka lero sindinamve woimba banjo wina amene amaiyankhulitsa choncho. Zida ndi zochepa, koma palibe mpata wopanda kanthu: banjo ikuthamanga pamwamba, besi ya chingwe ikudumpha pansi, mawu ake okhakhala akudula pakati. Anthu amati nyimbo zakumudzi pofuna kuzichepetsa. Ayesere kusunga liwiro limenelo kwa mphindi zinayi osapunthwa.

28 Seputembala: kaseti ya Algeria

Iyi ndi TDK ya C90, yolembedwa ndi dzanja la bambo: "Malawi v Algeria". Ndi masewero a pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, m'dziko la Angola. Flames inali itabwerera ku chikho cha Africa koyamba chichokere 1984, mphunzitsi ali Kinnah Phiri, ndipo Algeria inali itangodzigulira malo ku World Cup ya ku South Africa pogonjetsa Egypt. Palibe amene ankatipatsa mwayi. Tinawathira 3-0. Russel Mwafulirwa anatsegula, Elvis Kafoteka anaonjezera ndi mutu chigawo choyamba chisanathe, Davi Banda n'kutseka chigawo chachiwiri chitangoyamba. Pambuyo pake tinagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera kwathu, koma masana amenewo anali athu.

Bambo sanajambule kudzera m'kati mwa wailesi. Anaika kachojambulira kena patsogolo pa sipika, ndiye tepi inatenga chipinda chonse. Mukumva woulutsa, komanso mipando ikukhululuka, galu wa aneba, ndi amayi akufunsa kuchokera kukhitchini kuti kwachitika chiyani. Chigoli cha Kafoteka sichimveka dzina la wogoletsa n'komwe, phokoso la m'nyumba linaphimba zonse. Mbali imodzi ya C90 ndi mphindi 45, ndiye mbali A imathera woimbira asanaimbe wezulo wopumira. Mbali B imayamba woulutsa ali kale pakati pa kufuula chigoli chachitatu, kusonyeza kuti bambo anachedwa kudina. Kenako mukuwamva akudzikalipira okha.

Kumayambiriro kwa mbali B tepi inali yokwinyika. Ndinaitulutsa pang'ono, n'kuiyala pa tebulo pakati pa mapepala awiri, n'kutsindika ndi mabuku usiku wonse. Makwinya sanathe onse koma inadutsa pa hedi osakodwa. Pa kaseti iyi sindinachotse phokoso lililonse. Chigoli cha Gabadinho Mhango cha patali chija, chomwe anathira Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, chili paliponse pa YouTube ndipo sichikusowa wochipulumutsa. Chipinda chathu cha mu 2010 chinali pa tepi imodzi yokhayi.

19 Okutobala: shelefu

Muyeso: msinkhu mamita 1.8, m'lifupi mamita 1.2. Kumtunda mizere ya makaseti, uliwonse masentimita 12 kutalika ndi 8 kulowa m'kati, popeza kabokosi ka kaseti ndi pafupifupi masentimita 11 kwa 7. Kumunsi mabuku. Matabwa a paini 8 pa K7,500 lililonse, pulayiwudi yakumbuyo K32,000, misomali, guluu ndi sandipepa K11,000, vanishi lita imodzi K16,000, mankhwala a chiswe K9,000, kalipentala K45,000. Mbawa ndinaifunsa mtengo n'kungoseka. Akuluakulu akale ankakonda mkungudza wa ku Mulanje chifukwa chiswe sichiudya, koma mtengo umenewo watsala pang'ono kutha paphiripo ndipo ndi wotetezedwa. Wina akakunong'onezani kuti ali nawo, mupitirire.

Zovuta ziwiri. Matabwa ena anali aawisi, ndipo kutentha kwa mwezi uno kunawapinda shelefu isanapakidwe n'komwe vanishi. Kalipentala anachotsa awiri oipitsitsa, n'kuwapala, n'kuwadula akhale timashelefu tatifupi ta makaseti komwe kupindika sikuoneka. Pogula matabwa nyamulani awiri muyerekeze: lolemera ndi lozizira m'manja ndi laliwisi. Chachiwiri, thabwa la paini la mamita 1.2 lopanda chochirikiza silipirira mabuku. Linayamba kugwa mimba. Tinaika thabwa loimirira pakati, K7,500 ina, ndipo tsopano palibe danga lopitirira masentimita 60.

Miyendo ndi masentimita 15 kuchoka pansi, ndipo shelefu siikhudza khoma, kuti ndiziona msewu wa chiswe chikangoyamba kumanga. Ili kutali ndi windo komanso ndi masipika, poti maginito a sipika amafufuta tepi.

9 Novembala: mabuku ndi kope la mpira

Mabuku anayi apansi chiswe chinawadya mpaka pakati, ndawataya. Otsalawo ndawapukuta ndi burashi youma tsamba ndi tsamba. Okhala ndi timabowo ta njenjete ndinawakulunga m'mapulasitiki otseka bwino n'kuwaika mu fuliza kwa sabata, kuti tizilombo ndi mazira ake zife. Potulutsa musatsegule pulasitiki msanga, buku liyambe lafunda, apo ayi limachita thukuta n'kunyowa. Mayi a kunyumba sanakondwe kupeza mabuku pamalo pa nkhuku, koma anapirira.

Misana yothetheka ndaimata ndi guluu woyera wa matabwa ndi kansalu ka thonje kodula pa malaya akale, n'kutsindika ndi njerwa zokulunga m'nyuzipepala. Guluu ndi burashi K8,000. Selotepi pa buku ayi. Pomwe bambo anamata nayo, pepala linasanduka lachikasu ndi lophwanyika, ndipo selotepiyo inagwa yokha.

Ntchito inachedwa chifukwa ndimangoyamba kuwerenga. Nthondo la Samuel Josia Ntara, lotuluka koyamba mu 1933, ndinaliwerenga ndili mwana mokakamizidwa, pano ndalimaliza ndili chikhalire pansi guluu akuuma m'manja. Kwa ine mphamvu yake ili kumayambiriro, pomwe mnyamatayo ndi wosamva ndi wakuba ndipo mudzi wonse ukuvutika naye. Akayamba kukhala munthu wabwino nkhani imazizira, koma Chichewa chake sichizizira. Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe chikuto chinasowa, ndalipangira cha katoni. Limenelo ana alilanda, likuyendayenda m'nyumba muno.

Kope la mpira ndiye lavuta. Bambo ankamata ndi phala la ufa wa chinangwa, ndipo mphemvu zinadya phalalo pamodzi ndi pepala. Kumatula sikutheka. Ndangojambula tsamba lililonse ndi foni, pafupi ndi windo, m'mawa, popanda fulashi ya kamera chifukwa imachititsa pepala kunyezimira. Muli nkhani za pomwe Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, ndi masamba ambirimbiri a Bata Bullets. Bambo anali Maule wa magazi. Ine ndinapanduka n'kukhala Noma, ndipo ndaona kuti m'kope lonseli nkhani zomwe Limbe Leaf Wanderers inapambana ndi zowerengeka, ngati kuti nyuzipepala za masiku amenewo sizinkafika pakhomo.

7 Disembala: mulu wachiwiri

Makaseti ogula kusitolo akuyenda mwachangu, ambiri safuna kukonza. Vuto lake ndi lina: mluzu wa tepi, "sss" uja womveka pakati pa nyimbo. Audacity ili ndi chochotsera phokoso. Mumaionetsa kachigawo kopanda nyimbo, iyo n'kuchotsa phokoso lofanana nalo ponseponse. Pa Kuimba 1 cha Evison Matafale ndinachiyesa mwamphamvu, ndipo mluzu unathadi, koma kiyibodi inayamba kumveka ngati ikulira m'botolo, mpweya wa mawu a Matafale n'kuchoka. Ndinabwerera ku fayilo yoyamba. Muzisunga nthawi zonse yosakhudza, zoyesa zanu muzichitira pa kope lake. Tsopano ndimachotsa pang'ono kwambiri, kapena osachotsa n'komwe.

Zimbale ziwiri za Matafale ndazimvera motsatizana, ndipo ndikuonabe kuti choyamba ndicho chachikulu, ngakhale chachiwiri chinajambulidwa bwino. Pa choyamba munthuyo akuimba ngati alibe mawa. Anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, ndipo Black Missionaries a ku Chileka apitiriza kuwerenga ma Kuimba mpaka lero. Ndimawakonda, ndavinako kumadansi awo, koma ukali wa mawu aja sunabwerenso.

Za ku Balaka ndi dziko lina. Alleluya Band, Paul Banda, Lucius ndi onse otuluka m'manja mwawo ali ndi kayendedwe kofatsa, kiyibodi patsogolo, mawu omveka liwu ndi liwu kuti ngakhale agogo atsatire uthenga. Pali amene amati zonse zimamveka zofanana. Mukamvera chimbale chathunthu mumaona kuti kufananako n'kumene kumakulolani kumvetsera zomwe zikunenedwa, ndipo nthawi imeneyo, anthu atangomasuka pakamwa, zonenedwazo ndizo tinkagulira kaseti. Podula mbali iliyonse kuti nyimbo ikhale payokha ndimaika nambala patsogolo pa dzina, A1, A2, mpaka B5, kuti foni isazisokoneze.

Anzanga atamva ayamba kunditumizira mauthenga pa WhatsApp kuti ndiwaponyere. Mpira ndi kwaya ndatumizira abale onse. Zimbale ndakana. Oimbawa ena alipo, ena anasiya ana, ndipo kuba kwa nyimbo kunawasaukitsa kokwanira popanda ine kuonjezerapo. Wofuna kumva abwere kunyumba.

11 Januwale 2025: pomwe tafika

Mulu woyamba watha wonse, kupatula makaseti atatu amene tepi yake inamatirirana moti ikamatuluka utoto wabulauni umatsalira pa mpukutu. Amenewo ndawaika padera osawakakamiza. Mulu wachiwiri wadutsa theka. Wachitatu sindiujambula, ukhala nkhokwe ya zikhokho ndi tithonje. Mafayilo ali pa mafulashi awiri a 64 GB, K24,000 iliyonse, imodzi ili kwa mchemwali wanga ku Zomba kuti zonse zisakhale denga limodzi. Ndalama zonse zapitirira pang'ono K350,000, theka lake ndi shelefu.

Mvula yabweretsa chatsopano. Chinyezi chabwerera kukhoma lija, ndipo ngakhale shelefu siikhudza, pulayiwudi yakumbuyo yayamba kuchita mawanga kumunsi. Ndaisunthira kukhoma la m'kati n'kupaka vanishi kumbuyo komwe tinasiya osapaka. Lamba wa choimbira nayenso wayamba kuterera pa makaseti a C90, omwe ndi olemera kukoka: mphindi zomaliza za mbali iliyonse mawu akutsika. Mmisiri wa ku Ndirande wati ndimubweretsere Loweruka ayese wina wothina pang'ono. Mpaka pamenepo ndikujambula ma C60 okha.